Mfumu ya Mtendere: Za Glasgow ndi za Kwathu



Mwezi wa December wafikanso. Dzuwa lirikulowa 4 koloko isanakwane, ndipo ambiri a ife tinka ku nchito kuli mdima ndi kuweruka kulinso mdima. Ena tisamala nkhalamba, ena ticezera usiku wonse m'zipatala, ena tinyamula katundu, ndipo ena tiri pa sukulu. Pa Sabata tikasonkhana timamva mau a aneneri onena za Mfumu irinkudza, imene ufumu wace udzakhala wa mtendere. Ana athu obadwira kuno amafunsa kuti, Nanga Mfumuyo iri kuti, popeza nkhondo sizinathe? Funso limeneli si la ana okha iai. Makolo athu analifunsa, makolo a eni dziko lino analifunsanso, ndipo ena anataya moyo poyesa kuliyankha. Mzinda uno uli ndi mbali yaikulu pa nkhaniyi, ndipo mbiri yace yalukana ndi mbiri ya kwathu ngati mphasa. Tiyeni tiitsate bwino, kuti tidziwe Mfumu imene tirikuiyembekeza.

Dzina lakuti Mesiya

Mau akuti Mesiya ndi a Cihebri, ndipo atanthauza munthu wodzozedwa mafuta. M'Cihelene mau omwewo ndi Kristu. Kale ku Israyeli polonga mfumu ankaithira mafuta pamutu, monga Samueli anacita ndi Davide zaka ngati 1,000 Ambuye asanabadwe. Ufumu wa Davide sunakhalitse uli wamphumphu. Solomo atamwalira dziko linagawanika pawiri, cifukwa anthu anatopa ndi thangata ndi msonkho. Ufumu wa kumpoto unagwa m'manja mwa Asuri ca m'ma 722 Kristu asanabadwe, ndipo ca m'ma 587 Ababulo anapasula Yerusalemu, natenga anthu ambiri kunka nao kwao.

Tizindikire kuti mau okoma koposa onena za mtendere ananenedwa pa nthawi za nkhondo. Yesaya ndi Mika analalika pamene magulu a Asuri analikutentha midzi. Pa mutu 9 ndi mutu 11 Yesaya anena za mwana wa m'banja la Davide amene adzaweruza amphawi molungama, ndi kuti m'masiku ace zirombo ndi ziweto zidzagona malo amodzi. Mika pa mutu 4 anena kuti zida za nkhondo zidzapita kwa wosula kuti zisanduke makasu, ndi kuti munthu ali yense adzapuma pa munda wace popanda womuopsa. Amene anasunga mauwa ndi kuwaphunzitsa ana ao anali anthu okhala m'dziko la eni monga ife, machona a ku Babulo.

Pakubwera Yesu, ambiri anayembekeza mtsogoleri wa nkhondo wodzapitikitsa Aroma. Koma Iye analowa m'Yerusalemu atakwera pa buru, analetsa Petro kumenya ndi lupanga, ndipo pamene khamu limene analidyetsa mkate linafuna kumlonga ufumu, anacoka nanka ku phiri yekha. Aroma anampacika pa mlandu wa ufumu. Caka ca 132 kunauka wina, Simon bar Kokhba, amene ambiri anamuyesa Mesiya. Anamenyana ndi Aroma zaka zitatu, ndipo mu 135 iye anaphedwa, dziko la Yudeya nilisanduka bwinja. Kuyambira masiku amenewo mayesero a Akristu pa nkhaniyi ndi awiri: kufuna kumanga ufumu wa Kristu ndi lupanga, ndi kupatsa munthu mpando umene uli wa Kristu yekha. Onse awiri tiwaona ku Scotland, ndipo tiwaonanso kwathu.

Mafumu awiri m'dziko limodzi

Andrew Melville anali mkulu wa University ya Glasgow kuyambira 1574 kufikira 1580. Caka ca 1596 ku Falkland anagwira mfumu James VI pa mkono wa malaya, naiuza maso ndi maso kuti m'Scotland muli mafumu awiri ndi maufumu awiri, ndi kuti mu ufumu wa Kristu, ndiwo Eklesia, James sali mfumu kapena mutu, koma mmodzi wa anthu ace. Kulimba mtima kotere kunamtengera mabvuto pambuyo pace. Anakhala m'ndende ya Tower ku London zaka zinai, ndipo anafera kunja, ku Sedan, caka ca 1622, osaonanso kwao.

Mwana wa James, ndiye Charles I, anafuna kukakamiza anthu a Scotland kupemphera ndi buku lolamulidwa ndi iye, pansi pa mabishopu osankhidwa ndi iye. Mu February 1638 anthu anayamba kulemba maina ao pa pangano lokana zimenezi, lija amalicha National Covenant. Mu November caka comweco Msonkhano Waukulu wa Eklesia unakhala m'chalichi cacikulu ca Glasgow, ciripobe lero pafupi ndi cipatala ca Royal Infirmary. Nthumwi ya mfumu, Marquis wa Hamilton, inalamula kuti abalalike, nituruka. Iwo anakhalabe pa mipando yao mpaka mu December, nacotsa mabishopu. Kumeneko kunali kunena poyera kuti mfumu ya dziko iri ndi malire.

Koma apa pali cenjezo. Anthu omwewo amene anati Kristu ndiye Mfumu anatenga mfuti kuti amkhazike pa mpando. Ku Philiphaugh mu 1645, atapambana nkhondo, anapha asilikari amene anali atadzipereka kale, pamodzi ndi akazi a ku Ireland otsata asilikariwo. Mu May 1679 ena mwa iwo anapha Bishopu wamkulu James Sharp pa mseu, mwana wace wamkazi alikuona. Pa 22 June 1679 anagonja pa mlatho wa Bothwell pa mtsinje womwe uno wa Clyde. Anthu ngati 1,200 anagwidwa natengedwa kunka ku Edinburgh, ndipo pafupifupi 200 anamira ku zisumbu za Orkney m'sitima imene inalikuwatengera ku nchito yokakamiza ku America. Anazunzika koopsa, ndipo sitiwanyoza. Koma ufumu wa mtendere sunaoneke pa mlatho uja.

Caka ca 1843 adzukulu ao anayesa njira ina. Mlandu unali wakuti eni minda olemera ankaika mbusa pa mpingo ngakhale mpingowo usamfune, ndipo mabwalo a Boma ankagwirizana ndi eni mindawo. Kuyambira pa 18 May abusa oposa 450 anaturuka mu Eklesia wa Scotland, motsogozedwa ndi Thomas Chalmers, amene kale anali mbusa kuno ku Glasgow. Anasiya nyumba, malipiro ndi machalichi, ndipo sanagwire cida ciri conse. Mpingo umene anauyamba, Free Church, ndiwo unatumiza amishoni a Livingstonia kwathu.

Ndalama za Glasgow pa nyanja yathu

Pafupi ndi mlatho wa Bothwell pali mudzi wa Blantyre, kumene David Livingstone anabadwira pa 19 March 1813. Iye anali mwana wa anchito. Anayamba nchito m'fakitale ya thonje ali ndi zaka 10, kulowa 6 koloko mmawa ndi kuweruka 8 koloko usiku. Mu 1836 anayamba kuphunzira udotolo pa Anderson's College muno m'Glasgow, ndipo fano lace laima lero pa bwalo la pafupi ndi chalichi cacikulu cija. Mu September 1859 anafika pa nyanja yathu, naona malonda a akapolo amene ankaoloka nyanja kunka ku gombe la kum'mawa. Tisaiwale kuti cuma cambiri ca mzinda uno cinacokera ku fodya, shuga ndi thonje zolimidwa ndi akapolo ku America, ndipo miseu monga Buchanan Street ndi Glassford Street iri ndi maina a amalonda a fodyayo. University ya Glasgow inabvomera poyera mu 2018 kuti inapindula ndi cuma cimeneco.

Livingstone anamwalira mu 1873 naikidwa ku London mu 1874. Pamenepo amalonda Acikristu a Glasgow, monga James Stevenson ndi James White, anasonkha ndalama zoyambira mishoni yomkumbukira. Pa 12 October 1875 sitima yaing'ono, Ilala, inalowa m'nyanja yathu. M'menemo munali Dr. Robert Laws, amene asananyamuke ankatumikira odwala nthomba m'zipatala za muno m'Glasgow. Anayamba ku Cape Maclear, nasamukira ku Bandawe mu 1881 ndi ku Khondowe mu 1894, ndipo Laws anakhala kwathu zaka 52. Mu 1876 Eklesia wa Scotland anayambanso mishoni ina ku mapiri a Shire, naicha Blantyre.

Zipatso za mtendere zinaonekadi. Masiku amenewo Atonga ankakhala m'malinga cifukwa ca kuopa Angoni. Munthu amene anatsegula njira ya kwa Angoni sanali Mzungu, koma William Koyi, Mxhosa wocokera ku sukulu ya Lovedale, amene ankamva cinenero cao. Anakhala pakati pao ku Njuyu wopanda mfuti, napirira kunyozedwa ndi kuopsezedwa, namwalira komweko mu 1886. Mu 1887 Laws anakambirana ndi Inkosi M'mbelwa ndi nduna zace, ndipo nkhondo imene inali pafupi kugwera Atonga inalephereka. Sukulu zinafalikira, ndipo ana a anthu amene ankaphana anayamba kukhala pa benci limodzi.

Koma mayesero aja a lupanga anaoloka nyanja pamodzi ndi Uthenga. Ku Blantyre amishoni oyamba anadziyesa Boma, naweruza milandu ndi cikoti. Mu 1879 anaombera munthu wina pa mlandu wa kupha, ndipo wina anafa ndi kukwapulidwa. Nkhaniyi itamveka ku Scotland, Eklesia anacotsa atsogoleri a mishoniyo mu 1881, natumiza David Clement Scott, amene anamanga chalichi ca St Michael and All Angels pamodzi ndi amisiri acikuda kuyambira 1888 kufikira 1891. Kampani ija tonse tiidziwa kuti Mandala inayambika muno m'Glasgow mu 1878, ndi colinga cakuti malonda abwino agonjetse malonda a akapolo, koma kuyambira 1887 kufikira 1889 inalikumenya nkhondo ndi Mlozi ku Karonga. Mu 1889 abusa ndi akulu a mpingo a Scotland pafupifupi 11,000 analembera Boma la Britain kuti lisalole Apwitikizi kutenga dziko la Shire, ndipo mu 1891 dziko lathu linalowa m'manja mwa Angerezi. Malonda a akapolo anathadi. Koma walira mvula walira matope: pambuyo pace panadza msonkho wa nyumba, thangata m'minda ya Azungu, ndi ulendo wa anyamata athu kunka ku Halale ndi ku Joni kukafuna ndalama za msonkhowo.

Pali cinthu cina cimene ife anchito tiyenera kucidziwa. Sukulu yaikulu ya ku Khondowe inalandira dzina la Lord Overtoun, mwana wa James White uja, cifukwa anapereka ndalama zambiri. Mu 1899 Keir Hardie, mtsogoleri wa anchito, anasindikiza timabuku toulula za fakitale ya mankhwala ya bwanayo ku Shawfield, pafupi ndi Rutherglen. Anthu kumeneko ankagwira nchito maola 12 pa tsiku, masiku onse a sabata, ndipo pfumbi la chrome linkaboola mphuno zao ndi kuwacititsa zironda. Komatu mwini fakitaleyo anali wochuka polimbikitsa kusunga tsiku la Sabata. Cotero zina mwa ndalama zimene zinaphunzitsa makolo athu zinacokera ku thukuta ndi matenda a amphawi a mzinda uno. Sitinena izi kuti tipeputse sukuluyo, pakuti inaturutsa abusa, aphunzitsi ndi atsogoleri ambiri. Tinena kuti tikumbuke kuti Mfumu ya Yesaya iyamba yaweruza mlandu wa wanchito.

Kamwana ndi Chilembwe

Anthu athu atadziwa kuwerenga Baibulo paokha, anapeza m'menemo malonjezo amene sanafanane ndi zimene ankaziona. Elliot Kamwana, Mtonga, anaphunzira pa sukulu ya Overtoun, nacokapo mu 1901, napita ku South Africa kukagwira nchito monga anzace ambiri. Ku Cape Town anakomana ndi Joseph Booth, amene anamphunzitsa ciphunzitso ca Watch Tower. Pobwera kwao mu 1908 analalika kuti mu October 1914 Kristu adzayamba kulamulira, maboma a dziko adzatha, ndipo msonkho sudzakhalaponso. M'miyezi yowerengeka anabatiza anthu oposa 9,000. Boma linamcotsa mu 1909, ndipo pambuyo pace linamtumiza ku zisumbu za Mauritius ndi Seychelles. Anabwerera kwao mu 1937, namwalira mu 1956.

Kamwana sanagwire cida, ndipo njala ya cilungamo imene inasonkhanitsa anthu kwa iye inali yoona. Colakwa cace cinali kuika tsiku limene Ambuye anati palibe munthu alidziwa. Caka ca 1914 cinafikadi, koma cinabwera ndi nkhondo. Mu September Angerezi ndi Ajeremani anamenyana ku Karonga, ndipo asilikari ambiri amene anafa mbali zonse ziwiri anali anthu akuda. Nkhondo isanathe, amuna a kwathu pafupifupi 200,000 anagwira nchito ya tengatenga, kusenza katundu wa asilikari, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda.

John Chilembwe anapita ku America ndi Booth yemweyo mu 1897, naphunzira ku Lynchburg, nabwerera mu 1900 kudzayamba mishoni ya Providence Industrial ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Zaka zambiri anaphunzitsa anthu ukhondo, nchito za manja ndi ulemu. Mu November 1914 analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kufunsa cifukwa cace amphawi a Nyasaland ayenera kufera nkhondo imene siiri yao, ndi kusiya akazi amasiye. Boma silinamve. Usiku wa pa 23 January 1915 anthu ace anaukira, napha Azungu atatu, mmodzi wa iwo William Jervis Livingstone, woyang'anira minda ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene machalichi a Chilembwe ankatenthedwa. Mindayo inali ya banja la mkamwini wa David Livingstone. Pa 3 February Chilembwe anaomberedwa ku dera la Mulanje. Chalichi cace cacikulu cinagumulidwa, ndipo otsatira ace ambiri anaphedwa.

Timkumbukira caka ndi caka pa 15 January, ndipo nkhope yace iri pa ndalama zathu. Nkoyenera kutero, pakuti anakana kuti munthu wakuda ndi cinthu cogwiritsa nchito cabe. Koma Mbombwe itikumbutsa mlatho wa Bothwell. Anthu oopa Mulungu, atatsekeredwa njira zonse, anagwira mkondo, ndipo amene analipira kwambiri anali amphawi omwewo.

Mesiya wa ku Chileka

Mu 1953 dziko lathu linalowetsedwa m'Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, anthu osafuna. Ambiri anacikana cifukwa anali ataona ndi maso ao moyo wa pasi ndi tsankho ku Halale. Atsogoleri acinyamata a Congress, monga Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume, anaganiza kuti pafunika munthu wamkulu amene mtundu wonse ungamtsate, naitana Dr. Hastings Kamuzu Banda. Iye anali atatsiriza maphunziro a udotolo ku Scotland mu 1941, ndipo anali mkulu wa mpingo mu Eklesia wa Scotland. Anyamatawo anamlengeza kwa anthu ngati mpulumutsi, ndipo pamene anatsika ndege ku Chileka pa 6 July 1958 ambiri anamucha Mesiya.

Pa 3 March 1959 Boma linalengeza kuti dziko liri pa ngozi. Dr. Banda anatengedwa kunka ku ndende ya Gwelo, ndipo anthu oposa 1,300 anatsekeredwa. Lipoti la Devlin linawerenga anthu 51 ophedwa, 20 mwa iwo pa doko la Nkhata Bay. M'masiku amenewo ndege ya Boma inaponya kalata ku Livingstonia, yofunsa Azungu a pa mishoni kuti aike cizindikiro pansi ngati afuna kupulumutsidwa. Anthu a pa mishoni, akuda ndi oyera, anakhala pamodzi nagwirizana kuti palibe adzacoke. Anayala njerwa zopaka njereza pa kapinga, zolemba Aefeso 2:14, ndime yonena kuti mtendere wathu ndiye Kristu, amene anagumula khoma logawa mitundu. Woyendetsa ndege anajambula, ndipo cithunzico cinaoneka m'manyuzipepala. Pa mbiri yonse imene taitsata, pamenepa ndi pamene ufumu wa mtendere unaoneka bwino koposa, ndipo unaoneka ndi njerwa zowerengeka cabe.

Mu May caka comweco mbusa George MacLeod anaimirira pa Msonkhano Waukulu ku Edinburgh kulankhulira anthu a Nyasaland. Munthu ameneyu anali msilikari pa nkhondo ya 1914 nalandira mendulo, koma pambuyo pace anakana nkhondo kotheratu. Anali mbusa ku Govan, pakati pa omanga sitima osowa nchito, kuyambira 1930 kufikira 1938. Msonkhano unagwirizana naye kuti otsekeredwa aweruzidwe kapena amasulidwe, ndi kuti mphamvu ya ulamuliro ipatsidwe kwa eni dziko. Dr. Banda anamasulidwa pa 1 April 1960, Citaganya cinatha mu 1963, ndipo pa 6 July 1964 tinalandira ufulu.

Zabwino zimene zinacitika m'zaka zotsatira sitizikana: University inatsegulidwa mu 1965, likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, miseu inamangidwa, ndipo dziko silinagwe m'nkhondo monga anansi athu ena. Koma dzina la Mesiya ndi katundu wosayenera mutu wa munthu. Miyezi iwiri yokha citalandirire ufulu, anyamata aja amene anamuitana anacotsedwa kapena kutula pansi maudindo, ndipo ambiri anathawa m'dziko. Chipembere anafera ku America mu 1975. Mu 1971 Dr. Banda anakhala Prezidenti wa moyo wace wonse. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967 nazunzidwa koopsa mu 1972 cifukwa cokana kugula khadi la cipani. Mu May 1983 nduna zitatu ndi phungu mmodzi anaphedwa ku Mwanza. Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Kunali bata, koma bata la mantha si mtendere. Ndipo mipingo yathu, imene inalandira ciphunzitso ca Melville ca mafumu awiri, kawirikawiri inakhala cete. Amene anayamba kulankhula poyera anali mabishopu Acikatolika, m'kalata yao imene inawerengedwa pa 8 March 1992. Mipingo ina inatsatira, ndipo pa 14 June 1993 anthu anasankha zipani zambiri mwa voti, popanda nkhondo. Mu 1994 Dr. Banda anabvomera kugonja pa cisankho, ndipo cimeneci ciyenera kukumbukiridwanso.

Nanga ife?

Mukayenda m'mbali mwa Clyde ku Scotstoun mudzaona malo amene a Yarrow anamangira sitima yathu Ilala yaciwiri mu 1949. Inatengedwa m'zidutswa, niyamba kuyenda pa nyanja mu 1951, ndipo yatumikira zaka zoposa 70, kunyamula cimanga, usipa, odwala ndi ana a sukulu. Pa malo omwewo ndi ku Govan lero amamanga sitima za nkhondo, ndipo ku Faslane, mailosi ngati 25 kucokera muno, kumakhala sitima zoyenda pansi pa madzi zonyamula mabomba a nyukiliya. Citsulo ndi cimodzi, luso ndi limodzi, mtsinje ndi umodzi. Wosula uja wa Mika sanatsirize nchito yace. Kwa ana athu ofunsa tiyankhe zoona: Mfumu inabwera kale, ufumu wace unayambika, koma sunakwanire, ndipo tsiku lace palibe alidziwa.

Pa mbiri imeneyi titengepo zinthu zitatu. Coyamba, tisapatse munthu ali yense dzina la Mesiya, kaya ndi wa ndale, kaya ndi mneneri wa pa foni wolonjeza mapepala ndi cuma. Nyengo ya cisankho ikafika kwathu, timayambana kuno kutali cifukwa ca zipani, mpaka abale a mpingo umodzi kuleka kulonjerana. Atsogoleri tiwapempherere, tiwalemekeze, ndipo akalakwa tiwauze monga Melville anacita. Iwo ndi anthu, ndipo adzapita monga anapita anzao.

Caciwiri, mtendere wa Mfumu imeneyi suyenda wokha wopanda cilungamo. Pakati pathu pali abale amene anagulitsa munda kwao kuti alipire anthu owalonjeza nchito kuno, nafika napeza nchitoyo palibe. Pali ena ogwira maola ambiri amene aopa kudandaula cifukwa cilolezo cao cokhalira muno ciri m'manja mwa bwana. Tikaimba za mtendere pa Sabata ndi kuwasiya otere okha, tafanana ndi mwini fakitale ya Shawfield. Eni mzinda uno anatipatsa citsanzo pa 13 May 2021 ku Kenmure Street, pamene anthu mazana ambiri anazinga galimoto ya oona za alendo kwa maola ambiri, popanda kuponya mwala, kufikira anansi ao awiri anamasulidwa. Ife tiyambe ndi zimene tingathe: kupereka pogona, kuperekeza mbale kwa odziwa malamulo, ndi kusabisa coipa cifukwa wocicita ndi wa kwathu.

Cacitatu, khoma limene Kristu analigumula tisalimangenso. Kuno ku cisanu palibe amene amatifunsa ngati ndife a kumpoto, a pakati kapena a kummwera. Ndife tokha timanyamula malire amenewa m'masutikesi mwathu. A ku Livingstonia anayala njerwa zao pa kapinga kuti woyendetsa ndege aziwerenge. Njerwa zathu ndi maliro amene timasonkherana, odwala amene timawazonda, ndi mlendo watsopano amene timamlandira osafunsa mtundu wace. Ana athu alikuziwerenga tsiku ndi tsiku.

Tsono, abale, pa Krisimasi iyi amene muli ndi nthawi pitani ndi ana ku chalichi cacikulu ca Glasgow, kapena kwerani sitima ya pamtunda kunka ku Blantyre kukaona nyumba imene Livingstone anabadwiramo, ndipo muwafotokozere nkhani zimenezi, zokoma ndi zowawa zomwe. Muwauze za Melville ndi Koyi, za Kamwana ndi Chilembwe, ndi za njerwa za ku Khondowe. Amene mudzakhala pa nchito usiku wa Krisimasi, kumbukani kuti uthenga wa kubadwa kwa Mfumu unayamba kufika kwa abusa a nkhosa, anthu a nchito ya usiku.

Ambuye akusungeni nonse, inu ndi a m'nyumba zanu kuno ndi kwathu, kufikira tidzaonananso.